Mmene Chifalansa Chinatitulutsira M'nyumba ya ku Chilomoni

Ana anga, Tadala, Yamikani ndi Mphatso, chigawo chino ndakhala ndikuchizengereza. Wina akangotchula Chilomoni mumayang'anana, ine n'kumaona, koma palibe amafunsa. Munali ana, munangoona lole itaima pakhomo, katundu ali mbwee pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala umene bambo anu anadzala. Lero ndikuuzani chimene chinatitulutsa m'nyumba imene ija. Dziwiranitu kuti sindikupepesa ayi. Ndikungofuna kuti mukamandiweruza, muzindiweruza mukuidziwa nkhani yake.

Zingwangwa, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba inali pa sekondale ina cha ku Zingwangwa. Ndinafika ndi sutikesi imodzi, nsapato zazitali zimene zinkandipweteka, ndi mtima woti Blantyre yense ayankhula Chifalansa pofika Khirisimasi. Ahedi anali a Namaona, bambo wamfupi wa ku Mulanje wokonda kuseka. Ananditsegulira kabati n'kundionetsa chuma changa: mabuku ochepa odyeka ndi chiswe m'mbali, makaseti awiri, ndi wailesi ya kaseti. Anati wailesiyo inafa kalekale, amangoipukuta fumbi kuti mainsipekitala akabwera aziona kuti ilipo.

Ine wailesi imeneyo ndinkaifuna kuposa mabuku, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Aphunzitsi amene anandiyambitsa Chifalansa kusekondale anali asanamumvepo Mfalansa akuyankhula. Anachiphunzira m'buku, n'kutipatsa monga anachionera, ife n'kumakhoza mayeso bwinobwino. Nditafika kukoleji, mayi wina wochokera kunja amene ankatiphunzitsa anandiuza kuti ndiwerenge ndime. Ndinaimirira modzithemba, ndinawerenga mpaka kumapeto. Mayiyo anandithokoza mwaulemu, kenako n'kufunsa kuti chimene ndawerengacho ndi chilankhulo chanji. Kalasi yonse inafa ndi phwete. Manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero, ndipo ndinalumbira kuti mwana wodutsa m'manja mwanga sadzasekedwa chotero.

Inu simunaphunzire Chifalansa, munachikana nonse atatu, ndiye ndikufotokozereni vuto lake. Mwana wa kuno amafika fomu wani ali ndi zizolowezi ziwiri. Chichewa chinamuphunzitsa kuti cholembedwa chilichonse chimatchulidwa, palibe chilembo chokhala ulesi. Chingelezi nacho anamukhomerera kupulayimale ndi ndodo, moti akaona zilembo zachilendo lilime limathamangira komweko. Ndiye Chifalansa chimabwera chitavala zilembo zomwezo za Chingelezi, mwana n'kuganiza kuti ndi pachibale. Si pachibale olo pang'ono. Mawu oti zambiri amalembedwa beaucoup, koma pakamwa ndi boku basi, zilembo zinazo zimangoperekeza. Madzi ndi eau, zilembo zitatu, koma umangoti o. Zilembo zambiri za kumapeto zimakhala duu, osamveka. Mwana wathu akaona table amati tebulo, akaona beaucoup amati biyukupu, ndipo amanena mokweza, mosangalala. Chopweteka n'choti Chifalansa sichinamiza munthu kwambiri. Ukadziwa kuti eau ndi o, ndi o lero, ndi o mawa. Chonama ndi Chingelezi, chimene chimasintha ngati bilimankhwe, koma ndi chomwecho chimene ana athu amachikhulupirira.

Teremu yoyamba ndinaphunzitsa monga anzanga onse, kulemba pabolodi, ana kukopera, ine kuwongolera malilime mpaka mawu kusasa. Lachisanu akhoza, Lolemba biyukupu wabwerera. Nditatopa ndinanyamula wailesi ija m'chitenje, ulendo wa ku msika wa Ndirande, kumene anandilozera mnyamata wokonza mawailesi pa kabenchi pafupi ndi ogulitsa malata. Ameneyo ndiye anadzakhala bambo anu. Ndinawasiyira wailesi ndi kaseti imodzi yoyesera. Nditabwerera patapita masiku, anandilonjera m'Chifalansa, kundifunsa mmene ndadzukira ndi kumene ndikupita, ndendende ngati mzimayi wa m'kasetimo. Ine kukamwa yasa. Munthu woti sukulu analekezera sitandade eyiti! Anati poyesa wailesiyo ankangoibwereza kasetiyo mpaka mawu anawalowa okha. Mwachangu ndinatulutsa buku n'kuwaonetsa tsamba la mawu omwewo. Anayang'ana, anayesa kuwerenga, ndipo pomwepo zonse zinaonongeka, lilime linayamba kupunthwa pa chilembo chilichonse.

"Asisi, tsekani bukulo," anatero akuseka. "Likundilanda zimene ndinamva."

Ndinakwera basi yobwerera ku Zingwangwa mawu amenewo akulira m'mutu. Chaka chotsatira ndinapempha a Namaona kuti fomu wani ndiyambe nayo mwanjira ina: teremu yonse yoyamba popanda buku, popanda choko, popanda kulemba kanthu. Makutu ndi pakamwa basi. Anakanda m'mutu, anati zimenezo sanazimvepo, koma bola ana asalephere. Ndiye tinkamvetsera kaseti, kubwereza, kulonjerana, kuimba, kugulitsana tomato ndi anyezi amene ndinkabwera nawo m'jumbo. Teremu yachiwiri tikatsegula mabuku, ana ankakumana ndi mawu amene ankawadziwa kale. Unkamva wina akukuwa kumbuyo kuti kodi boku uja amalembedwa chonchi, anthu amenewa ali ndi inki yotaya eti! Ankaziseka zilembozo m'malo moti zilembo ziwaseketse kwa anthu. Ndipo akadziwa kuti phokoso lakuti limavala zilembo zakuti, sankaiwalanso.

Chilomoni, zaka za m'ma 1990

Thiransifa ya ku Chilomoni inabwera iwe Tadala ukuyamba kuyenda. Chimene chinatikondweretsa sichinali sukuluyo, inali nyumba. Nyumba ya aphunzitsi ya pasukulu pomwepo, ya zipinda zitatu, mpopi m'kati, khonde loyang'ana kuphiri. Ife tinkachokera m'kachipinda ka lendi komwe mvula ikagwa tinkatchera mabeseni. Tsiku lolowa, bambo anu anazungulira nyumba yonse akutsegula ndi kutseka zitseko ngati mwana. Sabata yomweyo anakumba dzenje kuseri n'kudzala nthangala ya peyala limene anabwera nalo kuchokera kwawo ku Thyolo. Ndinawaseka kuti nyumba ndi ya boma, mukudzalira ndani? Anati akudzalira Tadala.

Zosowa zinalipo, musaganize kuti zinali zofewa. Magetsi m'makalasi ankabwera mwa apo ndi apo, mabatire sukulu sinkagula, ndinkachita kupatula pa za ndiwo. Wailesi ikatafuna kaseti ndinkaikulunga ndi cholembera ana akudikira, ikaduka bambo anu ankailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo. Wailesi ya sukulu itafa kotheratu anandilumikizira ina ndi zidutswa za mawailesi a anthu osabwera kudzatenga. Inali yonyansa, chogwirira chake chinali waya, koma inkamveka mpaka kalasi yoyandikana nayo. Ahedi awiri anadutsa m'zaka zimenezo, onse anandisiya ndi njira yanga. Ankangoti Madamu ndi wailesi yawo. Dzina la Madamu linandikanirira mpaka kumsika.

Chaka chimene Mphatso anabadwa ndinapita kutchuthi cha uchembere teremu yoyamba, ndipo fomu wani anaipereka kwa mphunzitsi wa mbiri yakale amene ankachidziwako Chifalansa pang'ono. Munthu wabwino, wakhama. Anadzaza bolodi tsiku lililonse, ana anadzaza makope. Nditabwerera ndinapeza kalasi yonse ikuwerenga Chifalansa m'Chingelezi, ndipo ndinalimbana nayo mpaka fomu folo osaiwongola. Ndinkawaikira kaseti, iwo m'malo momva ankaona zilembo m'mutu mwawo. Mtsikana wina wanzeru kwambiri analira pamaso panga, akuti akudziwa kuti chilembocho sichitchulidwa koma pakamwa pakuchitchula pokha. Apo ndi pamene ndinatsimikiza kuti diso likatsogola, khutu silipezanso malo. Sungani zimenezi, chifukwa n'zimene zinandiumitsa mutu pambuyo pake.

Za matenda ndi imfa ya bambo anu sindilemba pano, dzanja silingalole. Ndingonena kuti titangochoka kumanda, abale awo anatenga benchi, zipangizo zonse, njinga, ngakhale jekete lawo la kutchalitchi. Wailesi yanga anaisiya poganiza kuti ndi ya sukulu. Nyumba sakanaitenga poti inali ya boma. Ndiye chimene chinatsala cha bambo anu chinali zinthu zitatu: wailesi ya chogwirira cha waya, mtengo wa mapeyala umene unali utayamba kubereka, ndi makoma amene ankawadziwa mawu awo. Iwe Tadala unkakhala pansi pa mtengo uja ukamawerenga, ndipo ndinkakumva nthawi zina ukuyankhula nawo.

Chilomoni, chaka chimene a Makwinja anabwera

A Makwinja anabwera kudzakhala ahedi iwe Tadala uli fomu folo. Anali munthu wa suti ndi tayi ngakhale mu Okutobala, woyankhula pang'onopang'ono ngati akulemba. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: manotsi. Kwa iwo mphunzitsi wabwino ndi amene amatuluka m'kalasi ali mbuu ndi choko mpaka m'tsitsi. Lachisanu lililonse ankatolera makope a ana, ndipo sankawerenga ayi, ankangolinyamula kope n'kuliyesa m'manja ngati akugula nkhuku. Kunena zoona sanali okha. Dziko lathu lonse limakhulupirira kope. Kholo silingalowe m'kalasi kudzamva zimene mwana akuphunzira, koma kope limaliona, ndipo likadzadza limagona tulo.

Atafika pa makope a Chifalansa a fomu wani anapeza oyera, dzina lokha pachikuto. Anandiitana, ndinafotokoza zonse, za Chichewa, za Chingelezi, za kalasi ija inaonongeka. Ndinawapempha kuti abwere adzamve okha ana akuyankhula. Anati iwo Fulenchi sakuidziwa, ndiye akamva chiyani? Ana akhoza kumangobwebweta zilizonse, iwo n'kuwomba m'manja. Koma kope lopanda kanthu, limenelo akulidziwa.

Nkhani inaphulika pa msonkhano wa makolo. Bambo wina, mlonda wa kusitolo za ku Limbe, anaimirira atanyamula kope lachikuto cholimba, n'kulitsegula kuti aliyense aone. Anati anadzimana kuti agule kope limeneli chifukwa pa mndandanda wa sukulu analemba kuti likufunika, ndipo teremu ikupita kumapeto mulibe olo kadontho. Akafunsa mwana kuti mukuphunzira chiyani, akuti tikumvera wailesi ndi kugulitsana tomato. Anafunsa ngati anatumiza mwana kusukulu kapena kumsika. Holo yonse inaseka, ena kuwomba m'manja. Bambo amene uja sindinamukwiyire, ndipo mpaka lero sindimukwiyira, ankateteza thukuta lake. Amene ndinawakwiyira ndi a Makwinja, amene ankadziwa yankho langa koma anangokhala kutsogolo akugwedeza mutu, osandipatsa mpata woti ndiyankhe. Nditakweza dzanja anati nthawi yatha.

Mawa lake, Lachisanu, anandiitanira kuofesi. Sanandiuze kuti ndikhale.

"Madamu, Lolemba ndikufuna manotsi pabolodi. Akapanda kuoneka, ndilembera akuluakulu kuti pano tili ndi mphunzitsi amene saphunzitsa."

Ndinati teremu yatsala pang'ono kutha, andilole ndimalize, Januwale makope adzadza mpaka adzatopa kuwanyamula.

"Lolemba," anatero. Kenako anayang'ana pawindo, kumene nyumba yathu inkaonekera, n'kuwonjeza kuti, "Ndipo muziganizira ana anu. Nyumba za pasukulu ndi za aphunzitsi amene akuphunzitsa."

Mphunzitsi aliyense musitafurumu ankadziwa kuti mlamu wa a Makwinja, mphunzitsi wa masamu, anali atangobwera kumene ndipo ankakhala lendi ku Mbayani. Ndinazindikira kuti kope la mlonda lija linangowagwera m'manja ngati mwayi.

Mnzanga Mayi Chirwa, amene ankaphunzitsa za sayansi ndipo anandigwira dzanja pa maliro a bambo anu, anabwera kunyumba Loweruka masana. Sanazungulire. Anati ndisapusitsidwe ndi mtima, ndilembe timanotsi pabolodi, ana akopere, ahedi ayese kulemera kwake, kenako ndipitirize ndi wailesi yanga. Ndani adziwe? Ndinati ana adziwa, malilime awo adziwa. Anandifunsa kuti mwa ana onsewo ndi angati adzakumane ndi Mfalansa m'moyo mwawo. Anati ambiri adzagulitsa kaunjika ku Limbe, ndipo biyukupu sadzapha munthu, koma ana anga atatu akagona kuti? Ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa kuti akunena zoona. Iwe Tadala unali kukhitchini, unamva zonse. Mayi Chirwa atapita unabwera n'kugwada pafupi nane, chinthu chimene sunkachita kawirikawiri, n'kunena kuti, "Amayi, lembani. Chonde ingolembani."

Ndinakuuza kuti ndilemba. Ndipo sindinkanama ayi. Lamulungu nditachoka kutchalitchi ndinakhala pakhonde n'kukonza manotsi abwino, malonje, masiku a sabata, mayina a zinthu za m'kalasi. Lolemba ndinanyamula choko chatsopano. Wailesi ndinainyamulanso, mwa chizolowezi chabe.

Nditalowa m'kalasi ana anaimirira n'kundilonjera monga mwa masiku onse. Abale inu, mukanamva. Ana a ku Chilomoni, a ku Mbayani, ena opanda nsapato zabwino, mawu akutuluka oyera ngati a m'kaseti, mphuno zikugwira ntchito pamene ziyenera, palibe chilembo chakufa chimene chinadzuka. Anali atamva kale za msonkhano uja, ndiye makope anali otsegula pamadesiki, zolembera m'manja, akusangalala kuti lero alemba ngati anzawo. A Makwinja anali ataima panja pawindo, manja kumbuyo. Ndinatembenukira kubolodi, ndinakweza choko. Mawu oyamba pa pepala langa anali malonje omwewo amene anali atangondipatsa. Ndinadziwa kuti ndikangowalemba, mawa adzandilonjera mwa mtundu wina, ndipo sadzabwereranso. Ndinakumbukira mtsikana uja analira, ndinakumbukira kalasi ya kukoleji ikundiseka, ndinamva mawu a pa benchi ya ku Ndirande. Dzanja linakana. Sindikunena mokometsa, linakana ndithu, ngati mmene limakanira kumenya mwana wodwala.

Ndinaika choko patebulo. Ndinauza ana kuti atseke makope, n'kudina wailesi. Nditayang'ana pawindo, a Makwinja anali akupita kuofesi, osafulumira.

Zotsatira zake sizinachedwe. Kunabwera anthu awiri ochokera kuofesi ya maphunziro, onse osadziwa Chifalansa. Sanalowe m'kalasi mwanga. Anaona makope, anamwa tiyi kwa ahedi, anapita. Tchuthi chisanathe ndinauzidwa kuti ndasamutsidwira ku sukulu ina ku Bangwe, ndipo nyumba ikufunika isanayambe teremu. Ndinapita kuofesi kuja kukadandaula, ndinakhala pabenchi tsiku lonse, bwana wake n'kundiuza kuti thiransifa si chilango, ndi ntchito. Nditamuuza kuti sukulu ya ku Bangweyo kulibe Chifalansa, anati ndiye bwino, mukapumako.

Tsiku la lole mukulikumbukira. Mapeyala anali asanakhwime. Yamikani anakwera mumtengo kuti athyole ngakhale aawisi, mlamu wa a Makwinja ali chiimire pakhonde ndi makiyi, akuyeza mawindo ndi maso. Iwe Tadala sunalire. Unanyamula katundu mwakachetechete, ndipo pamene ndinkakweza wailesi ija mulole, ndikuifungatira kuti isagundike, unandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Madamu, kodi Afalansawo akudziwa kuti muliko?"

Aka kanali koyamba kunditchula Madamu.

Bangwe, mpaka kupuma ntchito

Ku Bangwe tinapeza zipinda ziwiri kuseri kwa shabini, madzi okagula pakiyosiki, chimbudzi chimodzi mabanja asanu. Iwe Tadala unkadzuka kusanache kukwera maminibasi awiri kuti ukamalize fomu folo ku Chilomoni komweko, n'kumadutsa pakhomo pa nyumba yathu tsiku lililonse, makatani a eni ake atsopano ali pawindo la chipinda chako. Madzulo unkawerenga nyimbo za kushabini zikugunda khoma. Mayeso unakhoza, koma osati mmene aphunzitsi ako ankayembekezera, ndipo malo a kuyunivesite amene unkawalota anakudutsa. Unachita kuzungulira njira yaitali, kugwira ntchito masana, sukulu madzulo, kuti ufike pamene ulipa. Zimenezo ndikuzidziwa, sukusowa kundikumbutsa.

Ine anandipatsa Chingelezi ndi Baibulo. Tangoganizani, Chingelezi, mdani wanga uja. Ndinalemba manotsi pabolodi tsiku lililonse mpaka tsiku lopuma ntchito, ndinkatuluka ndili mbuu ngati wogaya chimanga, ndipo ahedi onse a kumeneko ankanditama kuti ndine mphunzitsi wakhama. Wailesi inakhala pamwamba pa kabati itaphimbidwa ndi nsalu mpaka mphemvu zinamanga mudzi m'kati.

Mukufuna kudziwa ngati a Makwinja analangidwa ndi Mulungu kapena ndi boma? Ayi ndithu. Anabweretsa mnyamata wongochoka kukoleji amene anadzaza bolodi kuyambira tsiku loyamba. Ana analoweza, analemba, ndipo poti mayeso athu amafunsa cholembera kuposa pakamwa, anakhoza bwino. A Makwinja anatamandidwa kuti anakonza Fulenchi pasukulupo, ndipo anakwezedwa kupita kuofesi. Anapuma ntchito ndi ulemu wonse, ndinamva kuti paphwando lawo panaphedwa ng'ombe. Mnyamata uja atapeza ntchito ina, akuluakulu a sukulu sanafunenso wina, phunzirolo anangolichotsa, mabuku n'kutsekera m'kabati.

Tsiku lina mu minibasi ya ku Limbe ndinakhala pafupi ndi mtsikana wovala bwino, wa kubanki. Anandizindikira, anati anali m'kalasi ija ya fomu wani imene ndinaisiya. Anandiuza monyadira kuti Fulenchi anaikhoza kwambiri pa mayeso omaliza. Ndinamufunsa m'Chifalansa, pang'onopang'ono, kuti akupita kuti ndipo makolo ali bwanji. Anandiyang'ana, anamwetulira, n'kunena kuti, "Pepani Madamu, mutandilembera ndikhoza kumva." Mwana amene ndinamusiya akulonjera ngati wobadwira komweko. Ndiye onani, nyumba ndinataya, ndipo anawo sindinawapulumutse. Ndinangowachedwetsa ndi masabata ochepa. Ndinatsika siteji isanakwane chifukwa sindinafune kuti aone nkhope yanga.

Alipo ena a zaka za m'mbuyo amene zinawathandiza, sindikana. Wina amamasulira mawu kutchalitchi kukabwera alendo a ku Kongo, wina amayendetsa mathiraki mpaka ku Lubumbashi ndipo anandibweretserapo chitenje. Ndikawamva akuyankhula mtima umakhala m'malo kwa tsiku limodzi. Koma chitenje si nyumba.

Machinjiri, lero

Kanyumba kano ndinamanga ndi ndalama za penshoni, inu n'kuthandiza malata. Ndi kanga, palibe hedi angayang'ane pawindo n'kukaloza. Ndinayesa kudzala peyala kuseri koma dothi la kuno ndi miyala, linauma kawiri, ndinasiya.

Mwina mukufunsa kuti nditabwerera m'kalasi muja, choko chili m'manja, ndingalembe? Ndadzifunsa zimenezi zaka zonsezi, pochapa, pophika, pa mzere wa kuchipatala. Masiku ena ndimati ndingalembe, ndi zilembo zikuluzikulu, mpaka bolodi kudzadza. Koma ndikakhala chete n'kumvanso ana aja akundilonjera m'mawa umene uja, ndimadziwa kuti dzanja likanakananso. Ndinali kudziwa chinthu chimodzi m'moyo mwanga, chimodzi chokha, ndipo anandiuza kuti ndichiphe ndi dzanja langa kuti ndigone pabwino. Chimene chimandiwawa n'choti mtengo wake sindinalipire ndekha. Ndipo funso lako lija, Tadala, ndikuyankhe lero: ayi, Afalansawo sakudziwa kuti ndiliko. Sanadziwepo.

Miyezi ingapo yapitayo unabwera kudzanditenga pa galimoto yako kupita nane kukaonetsa maso. Pobwerera, m'malo molunjika kuno, unakhotera ku Chilomoni osanena kanthu. Unaima pafupi ndi mpanda wa sukulu. Nyumba ilipo, anaipaka utoto wobiriwira, khonde analitchinga ndi malata. Mtengo wa bambo ako wakula kuposa denga, nthambi zafika mpaka kumsewu. Pageti panali mayi wina amene sitikumudziwa, mkazi wa mphunzitsi wokhalamo tsopano, atayala mapeyala pa thumba, akugulitsa. Unatsika, unasankha, unalipira osanenerera. Mayiyo ndinamumva akukuuza kuti mtengo umenewu ndi wodalitsika, sudumphitsa chaka, kaya anadzala ndani. Iwe unangoti zikomo.

Utabwerera m'galimoto unatenga lakupsa, unaling'amba pakati ndi chikhadabo monga ankachitira bambo ako, n'kundipatsa theka.

"Idyani, Madamu," unatero.

Ndinadya ndi zala, tili chiimire pamsewu, galimoto isanalizidwe. Iwenso unadya theka lako ukuyang'ana kutsogolo. Ndinkafuna likhale lowawa kapena lamadzi, kuti ndinene kuti sitinataye kanthu. Linali lokoma ngati kale.